Galu Akauwa Usiku: Masamu a Kupima Mankhwala Osokoneza Bongo

Lero tikamba za masamu amene angathe kusunga munthu pa nchito yace kapena kumcotsa, kusunga mbiri yace kapena kuiipitsa pamaso pa banja ndi anansi. Funso lathu ndi ili: cipimo cikaonetsa kuti munthu wakuti-wakuti amasuta camba, kapena amamwa mankhwala ena osokoneza bongo, kodi tiyenera kucikhulupirira kufikira pati? Ngati muli ndi pensulo ndi pepala pafupi, zitengeni, pakuti tidzawerengera pamodzi.

Tiyambe taona kumene mwambo wopima anchito unakulira. Ku America, m'mwezi wa September caka ca 1986, Pulezidenti Ronald Reagan anasaina lamulo loletsa anchito a boma kugwiritsa nchito mankhwala osokoneza bongo, ndipo lamulolo linatsegula njira yakuti ena mwa iwo azipimidwa mkodzo. Patangopita miyezi yocepa, pa 4 January 1987, sitima yonyamula anthu inawombana ndi mitu ya sitima ya katundu pa malo ochedwa Chase, m'cigawo ca Maryland. Anthu 16 anafa, ndipo kunadziwika kuti woyendetsa mitu ya sitima ija anali atasuta camba. M'caka ca 1991 dzikolo linakhazikitsa lamulo lakuti oyendetsa ndege, sitima, mabasi ndi malole akulu-akulu azipimidwa. Pa zamasewera napo kupima kunali kutayamba kale. Ambiri a inu mukumbukira kuti mu 1988, pa masewera a Olimpiki ku Seoul, wothamanga wa ku Canada, Ben Johnson, analandidwa mendulo yace ya golide atampeza ndi mankhwala ochedwa stanozolol. Kuno kwathu ku Zambia bungwe lolimbana ndi mankhwala otere, la Drug Enforcement Commission, linakhazikitsidwa mu 1989.

Colinga ca kupima ncomveka. Palibe kholo limene lingakondwere kukweza mwana wace m'basi imene woyendetsa wace waledzera ndi camba. Koma cipimo ciri conse, cingakhale cabwino cotani, cimalakwa nthawi zina, ndipo kulakwa kwace kuli pawiri. Kulakwa koyamba ndiko kuphonya: munthu amasutadi, koma cipimo cinena kuti alibe kanthu. Kulakwa kwaciwiri ndiko kunamizira: munthu sanalaweko camba cibadwire, koma cipimo cimloza cala.

Tsono tiyerekeze kuti tiri ndi cipimo cabwino kwambiri. Mwa anthu 100 osuta, cimagwira 99 ndi kuphonya mmodzi. Mwa anthu 100 osasuta, cimamasula 99 ndi kunamizira mmodzi. Wogulitsa cipimo cotere adzakuuzani monyadira kuti cimalondola 99 peresenti, ndipo sadzakhala atanama. Tinene kuti mbale wanu wapimidwa ku nchito, ndipo cipimo camloza. Kodi mwai wakuti iye amasutadi ndi wotani? Pa masamu, mau akuti mwai satanthauza zabwino zokha iai. Atanthauza kuti cinthu cimacitika kangati mwa kangati. Ndikhulupirira kuti ambiri a inu mwayankha kale mumtima kuti mwaiwo ndi 99 mwa 100. Yankho limeneli limaoneka lanzeru, koma nlolakwa, ndipo funsolo silingayankhidwe konse tisanadziwe cinthu cina cimene sindinakuuzeni.

Kuti timvetse, tiganize za galu wa pakhomo. Galu wanu ngwabwino, ndipo mbala ikalowa m'bwalo usiku salephera kuuwa. Tingathe kunena kuti: "Mbala ikabwera, galu amauwa." Koma kodi tingatembenuze mauwo ndi kunena kuti: "Galu akauwa, pali mbala"? Muli kudziwa kuti iai. Galu amauwa mphaka, amauwa fisi, amauwa munthu wocokera ku mowa amene angodutsa pa njira. Tinene kuti pa caka conse galu anauwa masiku 60, ndipo mbala inabwera tsiku limodzi lokha. Pa tsiku la mbala galu anacita nchito yace mosalakwa. Komabe mukadzuka pakati pa usiku cifukwa ca kuuwa kwace, mwai wakuti panja pali mbala ndi 1 mwa 60. Galu yemweyo, mafunso awiri osiyana, ndipo mayankho ace atalikirana kwambiri. Cimene cawatalikitsa ndi cakuti masiku a mbala ngocepa, pamene masiku opanda mbala ngoculuka.

Awa ndiwo masamu amene pa Cingerezi amachedwa conditional probability, ndiko kuti mwai wa cinthu pamene tadziwa kale cinthu cina. Funso loyamba liti: podziwa kuti munthu amasuta, mwai wakuti cipimo cimloza ndi wotani? Ili ndi funso la wopanga cipimo, ndipo yankho lace ndi 99 mwa 100. Funso laciwiri liti: podziwa kuti cipimo camloza, mwai wakuti amasuta ndi wotani? Ili ndi funso la bwana wa kampani, la woweruza, la mkazi kapena mwamuna wa munthu wopimidwayo. Kuti tiliyankhe tiyenera kudziwa kuti mwa anthu onse opimidwa, osuta enieni ndi angati.

Tengani pensulo ija. Ziwerengero zimene titi tigwiritse nchito nzongoyerekeza, zophunzirira cabe. Tinene kuti kampani ina iri ndi anchito 10,000, ndipo mwa anthu 100 ali onse, mmodzi ndiye amasuta. Lembani mizere iwiri. Pa mzere woyamba lembani osuta, amene ali 100. Pa mzere waciwiri lembani osasuta, amene ali 9,900. Onsewa apimidwa tsiku limodzi. Pa mzere woyamba cipimo cigwira anthu 99 ndi kuphonya mmodzi. Pa mzere waciwiri cinamizira mmodzi mwa 100 ali onse, ndipo 9,900 tikawagawa ndi 100 tipeza 99. Tsono werengani anthu amene aitanidwa ku ofesi ya bwana: osuta 99 ndi osasuta 99, onse pamodzi 198. Theka la iwo ndi anthu osalakwa. Mwai wakuti mbale wanu uja amasutadi ndi 50 mwa 100, monga ngati taponya ndalama m'mwamba kuti tione mbali imene idzagwere. Cipimo sicinasinthe, cikali kulondola 99 peresenti monga ananenera wogulitsa. Koma kulakwa kwakung'ono pa khamu lalikulu la osasuta kwabala anthu ofanana m'ciwerengero ndi osuta onse amene agwidwa.

Tiyeni tisinthe cinthu cimodzi cokha. Tinene kuti pa kampani ina ya anthu 10,000 khalidwe ndi labwino koposa, kotero kuti wosuta ndi mmodzi mwa 1,000. Osuta onse ndi 10, ndipo cipimo ciwagwira pafupi-fupi onse. Osasuta ndi 9,990, ndipo cipimo cinamizira pafupi-fupi 100 a iwo. Olozedwa onse ndi 110, ndipo wosuta weniweni ndi mmodzi yekha mwa 11 ali onse. Taonani codabwitsa cace: pamene osuta ali kucepa pakati pa opimidwa, ndi pamenenso gawo la osalakwa liri kukula pakati pa olozedwa.

Tiyesenso mbali inayo. Tinene kuti opimidwa ndi anthu amene aonetsa kale zizindikilo, monga amene abwera okha kucipatala kudzafuna thandizo, ndipo mwa asanu ali onse mmodzi amasutadi. Mwa anthu 10,000 otere, osuta ndi 2,000 ndipo cipimo cigwira 1,980. Osasuta ndi 8,000 ndipo cinamizira 80. Olozedwa ndi 2,060, ndipo mwa 100 ali onse a iwo, 96 ndi osuta enieni. Cipimo cimodzi-modzi catipatsa mayankho atatu: 9 mwa 100, 50 mwa 100, ndi 96 mwa 100. Cimene cinali kusintha ndi gulu la anthu opimidwa.

Pali mbali ina yotonthoza mtima. Bwererani ku kampani yoyamba ija. Anthu amene cipimo cinawamasula anali 9,802, ndipo pakati pao wosuta anali mmodzi yekha. Cotero pa gulu limene osuta ngocepa, cipimo cikanena kuti munthu alibe kanthu tingacikhulupirire ndithu. Pamene tifunika kusamala ndi pamene caloza munthu.

Ngati munayankha 99 poyamba paja, musacite manyazi, pakuti muli pamodzi ndi anthu ophunzira kwambiri. M'caka ca 1978 magazini ya zacipatala yochedwa New England Journal of Medicine inafalitsa zimene Ward Casscells ndi anzace awiri anapeza atafunsa anthu 60, madokotala ndi ophunzira udokotala a m'zipatala za sukulu ya Harvard. Funso linali la nthenda imene imagwira munthu mmodzi mwa 1,000, ndi cipimo cimene cimanamizira anthu 5 mwa 100. Anthu 27 anayankha kuti mwai wakuti wolozedwa ali ndi nthendayo ndi 95 mwa 100. Anthu 11 okha ndiwo anapeza yankho loona, limene liri pafupi-fupi 2 mwa 100. Mungaliwerengere nokha: mwa anthu 1,000, wodwala ndi mmodzi, onamiziridwa ndi 50, ndipo mmodzi mwa 51 ndi pafupi-fupi 2 peresenti.

Njira yowerengera imeneyi njakale. Imachedwa ndi dzina la Thomas Bayes, mbusa wa mpingo wa ku Tunbridge Wells ku England, amene anamwalira mu 1761. Bwenzi lace Richard Price anapeza zolemba zace, nazitumiza ku bungwe la akatswiri la Royal Society mu 1763. Katswiri wa ku France, Pierre-Simon Laplace, anaitulukiranso payekha mu 1774 naikuza kwambiri. Ndipo mu 1995 Gerd Gigerenzer ndi Ulrich Hoffrage anaonetsa kuti anthu amayankha bwino mafunso otere akamawerenga anthu enieni, monga tacitira ife ndi mizere iwiri ija, kusiyana ndi pamene apatsidwa maperesenti okha.

Mwina muli kufunsa kuti, nanga cipimo cimanamizira bwanji munthu wosalakwa? Cipimo coyamba, cimene cimapereka yankho msanga ndiponso ncotsika mtengo, cimagwira nchito ngati loko ndi kii. M'kati mwace muli timapuloteni timene timagwira cinthu molingana ndi maumbidwe ace. Koma muli kudziwa kuti loko wina amatseguka ndi kii wa nyumba ina ngati mano ace afanana. Momwemonso mankhwala ena a kucipatala, akasungunuka m'thupi, amatulutsa zinthu zofanana maumbidwe ndi zimene cipimo ciri kufuna. Citsanzo cimene citikhudza ife ndi efavirenz, amodzi mwa mankhwala otalikitsa moyo amene anthu ambiri okhala ndi kacirombo ka HIV m'Zambia anamwa kwa zaka zambiri, kufikira pamene dolutegravir anayamba kulowa m'malo mwace ca m'ma 2018 ndi 2019. Kunapezeka kuti pa mitundu ina ya zipimo za mkodzo, munthu womwa efavirenz amaoneka ngati wasuta camba. Mankhwala a cifuwa cacikulu ochedwa rifampicin naonso anapezeka kuti nthawi zina amasokoneza zipimo zofuna mankhwala a mtundu wa morphine ndi heroin. Ku America njere za duwa la poppy, zimene amawaza pa buledi, zinabvutitsa anthu ambiri cifukwa zimakhala ndi morphine pang'ono, kotero kuti mu 1998 boma linakweza malire a cipimo kucoka pa mananogramu 300 kufika pa 2,000 m'mililita imodzi ya mkodzo. Nanogramu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a gramu. Onjezani pamenepo zolakwa za anthu: botolo lolembedwa dzina la wina, kapena mkodzo wosungidwa pa malo otentha.

Nanga mankhwala a bvutoli ndi otani? Akulu anati cala cimodzi siciswa nsabwe. Malamulo a boma la America a mu 1988 ananena kuti mkodzo umene walozedwa ndi cipimo coyamba uyenera kupimidwanso ndi makina a mtundu wina, ochedwa GC-MS. Makina amenewa amalekanitsa zinthu za mumkodzo cimodzi-cimodzi, nayesa kulemera kwa tizidutswa ta cinthu ciri conse, kotero kuti efavirenz sangaoneke ngati camba. Pambuyo pace dokotala amaona zotsatirazo ndi kufunsa munthuyo za mankhwala amene ali kumwa, bwana asanauzidwe kanthu.

Tione mphamvu ya kupima kawiri pa pepala lathu. Tengani anthu 198 aja. Tinene kuti cipimo caciwiri naco cimalondola 99 mwa 100, ndipo kulakwa kwace sikugwirizana ndi kulakwa kwa coyamba. Mwa osuta 99 cigwira 98. Mwa osasuta 99 cinamizira mmodzi. Tsopano olozedwa kawiri ndi 99, ndipo 98 a iwo ndi osuta enieni. Mwai wakwera kucoka pa 50 kufika pa 99 mwa 100, ndipo anthu 98 osalakwa abwerera ku nchito zao.

Koma mverani bwino mau aja akuti kulakwa kwace sikugwirizana ndi kwa coyamba, pakuti masamu onse atsamira pamenepo. Mboni ziwiri zimene zinamva nkhani kwa munthu mmodzi ziri ngati mboni imodzi. Mukapima munthu womwa efavirenz kawiri ndi cipimo ca mtundu umodzi-modzi, cidzamnamizira kawiri, ndipo inu mudzaganiza kuti mwatsimikiza. Nkhani ya Diane Modahl, mkazi wa ku Britain wothamanga mamita 800, itiphunzitsa zimenezi. Pa zamasewera mkodzo umagawidwa m'mabotolo awiri, A ndi B, kuti loyamba likaloza munthu, laciwiri litsimikize. Mu 1994 mkodzo wace umene unatengedwa ku Lisbon unaonetsa testosterone woculuka m'mabotolo onse awiri. Anambweza kwao kucoka ku masewera a Commonwealth ku Canada, namletsa kuthamanga kwa zaka zinai. Pocita apilo, akatswiri anaonetsa kuti mkodzowo sunasungidwe pozizira monga kuyenera, ndi kuti tizirombo tingathe kusintha zimene ziri mumkodzo wosungidwa motero. Anapambana apiloyo mu 1995, ndipo bungwe la zothamanga la dziko lonse linammasula mu 1996. Mabotolo anali awiri, koma cimene cinaononga loyamba ndico cinaononganso laciwiri.

Nzeru imeneyi muli kuiona kale m'zipatala zathu. Popima kacirombo ka HIV, munthu sauzidwa kuti ali nako cifukwa ca cipimo cimodzi. Coyamba cikaloza, amapima ndi ca mtundu wina. Mu 2019 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, linalangiza maiko kuti pakhale zipimo zitatu zosiyana zogwirizana munthu asanauzidwe. Cifukwa cace ndi masamu omwewa: pamene anthu ambiri amene ali ndi kacirombo adziwa kale ndipo ali pa mankhwala, otsala amene abwera kudzapimidwa ambiri alibe, ndipo gawo la onamiziridwa likadakula pakadakhala popanda cipimo coonjezera.

Pali cinanso cimene cipimo ca mkodzo sicingakuuzeni, cingakhale calondola. Zotsalira za camba zimakhala mumkodzo kwa masiku angapo, ndipo kwa munthu wosuta kawiri-kawiri zimatha kukhala kwa masabata. Cotero cipimo cinena kuti munthu anasutapo masiku apitawo, koma sicinena ngati anali woledzera pa ola limene ngozi inacitika. Limenelo ndi funso lina, lofuna umboni wina.

Makolo athu anali ndi cipimo cao ca mlandu, ndico mwabvi. Anthu anali kukhulupirira kuti mwabvi sunama: wosanza ndi wosalakwa, wakufa ndi mfiti. Popeza imfa yeniyeniyo ndiyo inali umboni, panalibe njira yowerengera kuti mwa akufa aja osalakwa anali angati. Zipimo za lero zaposa mwabvi kutali, pakuti zimapimadi cinthu cimene ciri m'thupi, ndipo kulakwa kwace kungathe kuwerengedwa. Koma phindu limeneli limatayika ngati ife tilandira kapepala ka zotsatira ndi mtima womwe uja wakuti cipimo sicinama.

Tsono mutengepo ciani pa nkhani imeneyi? Inu amene muli ndi udindo pa anzanu, kaya ndinu bwana wa kampani, mkulu wa sukulu, kapena wa m'komiti ya bungwe la anchito, musagamule mlandu wa munthu pa cipimo coyamba cokha. Funsani mafunso atatu. Kodi cipimoci cimanamizira anthu angati mwa 100 osasuta? Kodi pa gulu limene tapima, osuta enieni angakhale angati? Kodi zotsatirazi zatsimikizidwa ndi njira ya mtundu wina? Poyembekeza yankho lacitatu mungathe kumcotsa munthuyo pa ciongolero kapena pa makina oopsya kwa masiku ocepa, pakuti moyo wa anthu ena nawo ngofunika. Koma sungani cinsinsi cace, cifukwa mbiri ikaipa siyera msanga, ngakhale kalata yommasula itabwera.

Inu amene mudzapimidwa, uzani dokotala kapena namwino woyang'anira kupimako za mankhwala onse amene muli kumwa, ngakhale a cifuwa ogula ku sitolo, pakuti ena a iwo ali ndi codeine. Onetsetsani kuti botolo latsekedwa ndi kulembedwa dzina lanu inu muli kuona. Cipimo cikakulozani pamene mtima wanu udziwa kuti simunalakwe, pemphani mwaulemu kuti mkodzo upimidwenso ndi njira ina. Ndipo musaleke kumwa mankhwala amene dokotala anakupatsani cifukwa coopa cipimo.

Inu ana a sukulu, yesani masamu awa nokha madzulo ano. Tengani anthu 10,000, osuta akhale 2 mwa 100, ndipo cipimo cikhale colondola 95 mwa 100 mbali zonse ziwiri. Lembani mizere iwiri ija, muwerenge olozedwa, ndipo muone kuti osuta enieni ndi angati pakati pao. Mukapeza 190 mwa 680, mwalondola, ndipo mwadziwa cinthu cimene madokotala ambiri aja a mu 1978 anaciphonya.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Tsalani bwino, mpaka tidzakumanenso.